Gologolo Amene Ankayankhira M'gulu

Chinkhwe ndi Nkhanga adali aphunzitsi pa koleji ya mpingo imene idamangidwa pachulu chachikulu, patsinde pa mkuyu, m'kati mwa nkhalango. Awiriwa ankagwirizana pa zambiri, koma pa nkhani imodzi ankakangana chaka ndi chaka. Nkhani yake idali iyi: kodi mphunzitsi angadziwe bwanji kuti ophunzira ake amvadi zimene wawaphunzitsa? Chinkhwe, amene ankanyadira kwambiri mawu ake, ankati khutu lokha limakwana, pamene Nkhanga, wosakhulupirira chinthu asanachione, ankati khutu limapusitsika.

Nyama zinkabwera pakolejipo kuchokera kumadambo ndi kumapiri kudzaphunzira uphunzitsi. Zikamaliza, mpingo unkazitumiza kumidzi kukaphunzitsa ana mawu a Mulungu, nyimbo, ndi nzeru zodzitetezera kutchire. Chinkhwe ankaphunzitsa za chikhulupiriro, Nkhanga ankaphunzitsa za kupulumutsa ana pangozi. Mkulu wa koleji adali Abusa Mvuu, a thupi lalikulu ndi mtima wofewa ngati dothi la kudambo, amene sankapirira kuona munthu atagwetsa nkhope.

Chifukwa cha mtima umenewu, kolejiyo idali ndi mwambo wakewake wa mayeso. Ophunzira onse ankaima pamodzi pansi pa mkuyu, mphunzitsi n'kufunsa funso, iwo n'kuyankha onse nthawi imodzi. Yankho likamveka mwamphamvu mpaka nkhuyu kugwa mumtengo, ndiye kuti onse apambana. Abusa ankati ana a mpingo umodzi sayenera kupatulidwa, wina kukwezedwa wina kuchititsidwa manyazi, ndipo popeza amapemphera pamodzi ndi kudya pamodzi, alembenso mayeso pamodzi.

"Mnzako ndani?" Chinkhwe ankafuula ali panthambi.

"Mnzanga ndi aliyense amene ndamupeza pamavuto, wa ubweya, wa nthenga kapena wa mamba!" gulu lonse linkayankha.

"Ukalakwiridwa uchite chiyani?"

"Ndipite kwa wondilakwirayo, tikambirane pa awiri, ndisasunge mkwiyo kuuna kwanga!"

Nkhuyu zinkagwa ngati matalala. Chinkhwe ankatukumula nthenga za pachifuwa, Abusa Mvuu ankapukuta misozi yachimwemwe. Nkhanga yekha ndi amene ankapendeketsa mutu mokayika.

Pakati penipeni pa gululo pankaima Gologolo. Adali wophunzira wansangala, woyamba kusesa m'tchalitchi ndiponso woyamba kupereka moni kwa alendo. Adali ndi mkazi ndi kamwana kakhanda kutsidya kwa mtsinje, ndipo mpingo udali utamulonjeza kale malo ku Kachere, dambo lakutali kumene ana ankakula opanda mphunzitsi. Chilimwe chikatha ankayembekezera kulandira satifiketi yake ya khungwa la mombo, kutenga banja lake, ndi kukakhala mphunzitsi yekhayo wa dambo lonselo.

Nkhanga adali atalera anapiye ambiri muudzu wautali, choncho ankatha kusiyanitsa liwu limodzi pakati pa phokoso. Adazindikira kuti mawu a Gologolo ankabwera pambuyo pang'ono, ngati mwana wotsatira mayi ake kumunda. Gologoloyo sikuti ankachita zachinyengo ayi. Anzake akangoyamba, mawu ankabwera okha pakamwa pake, ndipo iye ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuchokera m'mutu mwake.

Tsiku lina aphunzitsi awiriwo akudya njere pa nthawi yopuma, Nkhanga adayiyamba nkhaniyo.

"A Chinkhwe, Gologolo uja mumamumva?"

"Kwambiri, mayi. Ndi mmodzi mwa ofuula bwino."

"Kufuula amafuuladi, koma sayamba. Amadikira anzake."

"Umenewo ndi ulemu," Chinkhwe adaseka. "Inu mayi, mawanga ali pathupi panuwa akuchititsani kuona mawanga paliponse."

"Sekani, bambo," adatero Nkhanga. "Koma ku Kachere adzadikira ndani?"

Chinkhwe adangokutumula mapiko n'kupitiriza kudya. Nkhanga adanyamuka ulendo wa kudziwe kumene Abusa Mvuu ankapumira masana. Adawapeza atamira, kunja kukuoneka makutu ndi mphuno zokha. Adaima pamwala, adapereka moni, kenaka adapempha kuti chaka chimenecho wophunzira aliyense amvedwe payekha.

"Payekha?" Abusa adavuuka, madzi akuchucha. "Mukufuna mwana wa eni ake aime pabwalo, anzake akumuyang'ana, kenaka alephere? Iyayi, mayi. Pano ndi pa chifundo."

"Chifundo chathu chikuthera pachulu pompano, abusa. Ana a ku Kachere sichikuwafika."

Abusa adamiranso, ndipo kwa kanthawi padziwe pankangotuluka thovu. Nkhanga adadikira, pakuti ankadziwa kuti abusawo amaganizira pansi pa madzi. Abusa atavuuka, Nkhanga adali atakonza kale njira ina. Adati pafupi pomwepo pali mudzi wa mbewa wokhala ndi ana ambiri, ndiye wophunzira aliyense apatsidwe timbewa tochepa pansi pa chitsamba chake, aphunzitse, ndipo aphunzitsi azingodutsa kumvetsera popanda anzake kuonerera.

"Chabwino," adatero Abusa mousa moyo. "Koma pasakhale kunyozana."

Chinkhwe atamva za chikonzerocho adavomera mosavuta. "Tiyeni, mukaone nokha," adatero. "Ana anga ali ndi mawu onse m'mutu, ngakhale mutawadzutsa kutulo."

Tsikulo litafika, mbewa zidatulutsa ana awo m'mauna zitawatsuka kumaso. Wophunzira aliyense adatenga kagulu kake n'kupita kuchitsamba chake. Chinkhwe ankauluka patsogolo, Nkhanga ankayenda pakati, Abusa Mvuu ankabwera pambuyo akuponda mosamala ndi kupepesa pa phazi lililonse, poopa kuponda mwana wa eni mudzi.

Adayambira kwa Pumbwa, wophunzira amene Chinkhwe ankamunyadira koposa onse. Pumbwa ankalakatula mayankho mosaphonya ngakhale liwu limodzi, mofulumira ngati madzi a pamathithi. Kambewa kena kadakweza dzanja n'kufunsa kuti mkwiyo umasungidwa bwanji kuuna, popeza kwawo kuuna kuli mtedza wokha. Pumbwa adabwereza yankho lomwe lija mokweza mawu, kambewako kadafunsanso, iye adabwerezanso mokweza kuposa, mpaka kambewako kadayamba kulira.

"Mawu ake onse ndi olondola," adatero Chinkhwe, koma motsitsa.

Nkhanga sadapeze mpata wosekerera, chifukwa pazitsamba zotsatira ophunzira ankaphunzitsa phunziro lake la moto wa m'tchire. Wophunzira wina ankauza timbewa kuti tikaona utsi tikwere mumtengo wautali. Wina ankati tibisale muudzu wouma mpaka moto udutse. Wachitatu adanena bwino kuti pothawa moto uyenera kuyang'ana mphepo, koma atafunsidwa kuti mphepo ikuchokera kuti, adaloza mbali zonse ziwiri.

"Mayi Nkhanga," Chinkhwe adatera panthambi yapafupi, maso akuwala. "Phunziro lokazinga ana lija ndi lanu, eti?"

"Ndi langa," adatero Nkhanga, khosi litafota. "Tiyeni kutsogolo."

Chitsamba chomaliza chidali cha Gologolo. Iye adali atayamba bwino zedi, pakuti ana ankamukonda msanga. Adawapatsa moni mmodzimmodzi, adawalola kugwira mchira wake, adawakhazika pamthunzi. Kenaka adaima mowongoka monga ankachitira Chinkhwe, n'kufunsa mokondwa kuti, "Ana inu, mnzako ndani?"

Timbewa tidangomuyang'ana, chifukwa tidali tisanamvepo yankho lake. Gologolo adatsegula pakamwa kuti atiphunzitse. Adatchera khutu kumanja, adatchera kumanzere, monga ankachitira nthawi zonse pansi pa mkuyu. Kudalibe woyamba, kunkangomveka mphepo m'masamba.

"Mnzanga ndi... ndi..." adachita chibwibwi. Adafufuza m'mutu monse ndipo adangopezamo kumapeto kwa yankho. "Wa mamba!"

"Nsomba basi?" kadafunsa kambewa kena.

"Ndiye kuti ife si anzanu, aphunzitsi?" kadafunsa kena, ndipo tonse tidagwa nacho chiseko.

Gologolo adayesa funso lachiwiri, koma nalonso lidamuthawa. Potembenuka adaona aphunzitsi ake atatu ataima kuseri kwa chitsamba. Adalumphira pamtengo wapafupi, adakwera mpaka kunsonga, n'kudziphimba kumaso ndi mchira.

Masana omwewo aphunzitsi adakhala pansi pa mkuyu. Abusa Mvuu ndiwo adayamba kulankhula, misozi ili m'maso. Adati izi ndi zimene ankaopa, kuti mwana wabwino ngati uja wasweka mtima. Adapempha kuti zimene zaonekazo zithere pomwepo, Gologolo apatsidwe satifiketi yake mwakachetechete, zotsalazo akaphunzira ali pantchito.

"Mtima wake ndi wabwino," adatero Abusa. "Kodi zimenezo sizokwanira?"

"Mtima wake ndi wabwinodi, abusa," adayankha Nkhanga. "N'chifukwa chake sitiyenera kumutaya. Lero wachita manyazi pamaso pa ana ochepa, ife tili pafupi oti timutonthoze. Ku Kachere adzachita manyazi tsiku ndi tsiku, ali yekhayekha. Ndipo musaganize kuti ndikudziyeretsa. Amene walephera kwambiri lero ndine. Ndakhala ndikulankhula za moto zaka zonsezi, nkhuyu n'kumagwa, osadziwa kuti palibe amene angapulumutse mwana."

Onse adayang'ana Chinkhwe, poganiza kuti atsutsa monga mwa masiku onse. Iye ankakanda nthambi ndi chala chimodzi. "Ine ndikuganiza za Kachere," adatero. "Akadzafunsa kuti mphunzitsi uyu adaphunzitsidwa ndi yani, n'kuyankha kuti ndi Chinkhwe, mlomo wangawu ndidzaubisa kuti? Asapite chonchi. Ndimufuna m'kalasi mwanga."

Abusa Mvuu adaona kuti atsala okha, ndipo pansi pamtima ankadziwa kuti anzawowo akunena zoona. Adadzuka pang'onopang'ono n'kupita pamtengo umene Gologolo adabisalamo. Adakhala patsinde pake ndi kuyang'ana kumwamba. Kunsonga kunkaoneka mchira wokha.

"Tsika, mwana wanga."

"Sinditsika, abusa. Ndine wabodza. Ndakunamizani zaka zonsezi."

"Iwe sudaname. Ife ndi amene sitidakufunse. Tsika, khosi langali silidapangidwe kuti liziyang'ana kumwamba."

Gologolo adatsika n'kukhala pamphuno pa abusawo. Abusa adamuuza zoona zonse mosazungulira, ngakhale mawu ankawavuta kutuluka. Adati satifiketi salandira chilimwe chimenecho, akhalabe pakoleji dzinja lonse, aphunzirenso, ndipo azimvedwa payekha mpaka atadziwadi. Adamuuzanso kuti sali yekha, pakuti Pumbwa ndi enanso ali ndi mbali zawo zoti akonze, ngakhale iye ndiye ali ndi ntchito yaikulu.

"Nanga akunyumba ndikawauza chiyani?" adafunsa Gologolo. "Adatsanzikana kale ndi abale awo."

"Ukawauze zimene zachitika pansi pa chitsamba chija. Usachotsepo, usawonjezepo."

Gologolo adawoloka mtsinje mapazi akulemera. Adapeza mkazi wake akuswa mtedza, mwana ali kumsana, ndipo adafotokoza zonse, ngakhale za mamba zija. Mkaziyo adamvetsera mpaka kumapeto osasiya ntchito yake. Gologolo atamaliza, mkaziyo adaika chigoba pansi n'kumuyang'ana.

"Ndimayesa mukwiya," adatero Gologolo.

"Ndakwiya kumene. Ndikawauza chiyani amayi anga, poti ndidawauza kuti ndakwatiwa ndi aphunzitsi?" Adatola mtedza wina. "Koma kuli bwino ndichite manyazi kwa amayi anga kusiyana n'kukachita manyazi kwa dambo lathunthu. Khalani apo. Mundiuze, mnzanu ndani? Ndipo musandiuze za nsomba."

Patangopita masiku ochepa, kudatulukira Njiri, mkulu wa mpingo wa ku Kachere, nyama yosadziwa kudikira. Adafika akuthamanga, mchira uli chilili, fumbi lili kumbuyo. Asanamalize n'komwe moni adafunsa kuti mphunzitsi wawo ali kuti, chifukwa akufuna kubwerera dzuwa lisanapendeke. Abusa Mvuu adamukhazika pansi n'kumuuza kuti mphunzitsiyo sanakonzeke.

"Sanakonzeke?" Njiri adakumba pansi ndi mano. "Si inu mudatumiza uthenga kuti onse amapambana pano? Ife takonza mphako yabwino, azimayi ayalamo masamba, ana akungofunsa tsiku. Ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti cholakwa ndi chathu, a Njiri. Tinkamva gulu, osamva munthu. Tipatseni dzinja lino."

Njiri adazungulirazungulira, akufwenthera. "Dzinja lokhali," adatero. "Mvula ikatha ndibweranso, ndipo ndidzabwera ndi ana anga, omwe aja osamva aja. Kagologolo kanuko kadzawaphunzitse ine ndikumva. Kakadzasowa chonena, tidzakafuna mphunzitsi kwina, ndipo musadzandipemphe chifundo." Atatero adanyamuka osamwa ngakhale madzi.

Dzinja limenelo pakoleji padasintha zinthu. Kuyankha pamodzi kudatsala pa mapemphero a m'mawa, pamene kunkakometsa mtima, koma kudasiya kukhala mayeso. Aphunzitsi adagwirizana poyera zimene womaliza maphunziro ayenera kutha kuchita, ndipo adaziuza ophunzira onse kuti pasakhale chobisika. Womaliza ankayenera kuyamba phunziro yekha, kulifotokoza m'mawu akeake, kuyankha mwana wofunsa, ndi kutsogolera ana pothawa ngozi, osati kungonena za kuthawako.

Nkhanga adasiya kuphunzitsira pamthunzi. Ankatengera ophunzira kuudzu, n'kuwauza kuti aponye mankhusu m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera. Kenaka ankafuula kuti moto wabuka chakuti, aliyense n'kutsogolera timbewa take kumtsinje kapena pamalo opanda udzu. Wolakwitsa ankabwereza pomwepo, timbewa tikusangalala chifukwa kwa ito adali masewera.

Chinkhwe ndiye adavutika kwambiri. Adadziletsa yekha kulandira yankho lonenedwa m'mawu ake, chinthu chimene chinkamupweteka ngati kumuzula nthenga. Wophunzira akalakatula bwinobwino, iye ankatseka maso kumvetsera kukoma kwake, kenaka n'kuusa moyo. "Zokoma," ankatero. "Tsopano unenenso, koma osati ngati ine."

Gologolo sadasinthe tsiku limodzi. Ulendo wotsatira kumudzi wa mbewa adakakamiranso pakati pa phunziro, koma nthawi imeneyo sadathawire mumtengo. Adapepesa kwa ana, adabwerera kwa Chinkhwe kukafunsa, m'mawa mwake n'kupitanso. Akaweruka ankaphunzitsa khanda lake, limene linkangomuyamwa chala, pamene mkazi wake ankaponya mafunso ovuta ali pantchito zake.

Pang'ono ndi pang'ono adapeza chinthu chimene sadachidziwepo. Mawu amene adawamvetsa sankathawa, ngakhale atakhala yekha. Akaiwala liwu lina, ankapeza lina lonena zomwezo. Pofika pamene udzu udayamba kufiira, timbewa tinkalimbirana kukhala m'kagulu kake.

Mvula itatha, Njiri adafika monga adanenera, ana ake ali pambuyo. Adali ana amatope, okankhana, osatha kukhala malo amodzi. Njiri adawakhazika pansi pa mkuyu n'kukhala pambali, nkhope ili gwa. Abusa Mvuu, Chinkhwe ndi Nkhanga adaima chapatali, ndipo Gologolo adatsala yekha kutsogolo.

Sadayambe ndi funso loloweza. Adafunsa anawo ngati wina mwa iwo adakanirirapo m'matope, ndipo ambiri adafuula nthawi imodzi, aliyense ndi nkhani yake. Adawamvetsera mmodzimmodzi, n'kuwafunsa kuti adawatulutsa ndani. Wina adati mayi ake, wina adati Kakowa ndiye adakaitana thandizo, wina adati Fulu adamupatsa msana kuti apondepo.

"Mwaona?" adatero Gologolo. "Kakowa ali ndi nthenga, Fulu ali ndi chigoba, koma sadafunse kuti ndinu a mtundu wanji. Adangoona mwana ali pamavuto. Mulungu amafuna kuti nafenso tizitero kwa aliyense."

Anawo adamvetsera mwachidwi, chinthu chimene bambo wawo adali asanachionepo. Koma mwana wamkazi wamkulu, amene sadalankhulepo chiyambire, adakweza mphuno. Maso ake sankaseka ngati a anzake.

"Aphunzitsi, mwati aliyense?"

"Aliyense."

"Ndi Fisi yemwe? Fisi adadya amalume anga."

Pabwalo padazizira. Chinkhwe adanong'oneza Nkhanga kuti zimenezo sadaziphunzitsepo, ndipo Abusa Mvuu adatseka maso n'kuyamba kupemphera chamumtima. Njiri adasendera pafupi, chifukwa amalume onenedwawo adali mlamu wake. Gologolo sadafulumire, adatsika pamwala pamene adaima n'kukakhala pafupi ndi mwanayo.

"Unkawakonda amalume ako?" adafunsa mofatsa.

"Ankandikumbira mizu yotsekemera."

"Pepa, mwana wanga. Zimene adachita Fisi n'zoipa, ndipo palibe amene akukuuza kuti uiwale. Koma tamvera. Tsiku lina ukadzapeza Fisi atagwa m'mbuna, akulira ndi ludzu, usadzamuponyere miyala. Udzathamange kukaitana akuluakulu amphamvu, ngati Njati kapena Njobvu, kuti amuvuule. Pamenepo udzakhala utamuchitira zimene Mulungu amafuna."

"Ndiye ndilowemo m'mbunamo ndimukankhe?"

"Ayi, ayi! Usadzalowemo. Ndipo akamamuvuula, iwe udzakhale uli kale kwanu. Mulungu adati umuchitire chifundo, sadati umupatse mwendo wako."

Ana aang'ono adaseka mpaka kugubuduka. Mtsikanayo sadaseke, koma adaganiza kwa kanthawi, kenaka adagwedeza mutu n'kusendera pafupi ndi Gologolo. "Zimenezo ndingathe," adatero.

Onse adatembenukira kwa Njiri. Iye adafwenthera, adayang'ana mwana wake, adayang'ananso kagologolo kamene kadakhala pambali pake. Adayenda mpaka pamene padali Gologolo, n'kugwada ndi miyendo yakutsogolo mpaka msana wake udatsika.

"Kwerani, aphunzitsi," adatero. "Njira ya ku Kachere ikadali ndi matope. Tidzera kutsidya tikatenge mayi ndi mwana."

"Dikirani kaye, a Njiri, satifiketi!" adafuula Abusa Mvuu, akuthamanga ndi khungwa la mombo kukamwa, nthaka ikugwedezeka.

"Fulumirani, abusa, dzuwa likupita!"

Choncho Gologolo adalandira satifiketi yake ali pamsana pa Njiri, ndipo adanyamuka tsiku lomwelo. Adaphunzitsa ku Kachere mpaka ubweya wa kumchira udachita imvi, ndipo ana a dambo limenelo adakula akudziwa kupemphera, kuthandiza ovutika ndi kuthawa moto. Ku koleji ya pachulu, wophunzira aliyense kuyambira pamenepo ankamvedwa payekha asanatumizidwe, ndipo aphunzitsi ankakonza maphunziro awo potengera zimene apeza. Chinkhwe ndi Nkhanga adapeza nkhani zina zokanganirana.

Phunziro: Kufunsa wophunzira payekha kuti tione zimene akudziwadi si nkhanza, ndi chikondi. Tikabisa kulephera kwake poopa kumuchititsa manyazi, timamutumiza kukalephera kutali kumene kulibe womuthandiza, ndipo timalakwiranso ana amene akumudikira. Mphunzitsi wabwino saopa mayeso oona, chifukwa amamuonetsa pamene wophunzira afunika thandizo, ndi pamene iye mwini afunika kusintha.